CyberChef ndi pabwino kuphunzirira kubisa uthenga, koma Chichewa chimaulula zinsinsi

CyberChef ndi pulogalamu yaulere imene bungwe la zaukazitape la ku Britain lotchedwa GCHQ linatulutsa mu 2016. Imagwira ntchito m'browser, ndipo zimene mwalemba sizichoka pa kompyuta yanu. Mukhoza kuitsitsa n'kumaigwiritsa ntchito popanda intaneti. Kwa amene akufuna kumvetsa njira zakale zobisira uthenga posinthanitsa zilembo, ndi chida chabwino kwambiri, ngakhale chili ndi malire ake.

Mukaitsegula mupeza zigawo 4: Operations (mndandanda wa zida) kumanzere, Recipe (poika zida zimene mwasankha) pakati, Input (polemba uthenga) ndi Output (poonekera zotsatira) kumanja. Yambani ndi njira ya Julius Caesar, yosuntha chilembo chilichonse malo 3. Kokerani ROT13 mu Recipe, pa Amount fufutani 13 mulembe 3. Mukalemba MONI mu Input, Output ionetsa PRQL. Pomasula ikani PRQL mu Input, Amount ikhale 23, poti 3 ndi 23 zikukwanitsa zilembo 26. Makiyi, kutanthauza manambala osunthira zilembo, othandiza pa njirayi alipo 25 okha, ndipo ROT13 Brute Force imangowayesa onse nthawi imodzi, inu n'kusankha mzere womveka.

Apa ndi pomwe wolemba Chichewa ayenera kutsegula maso. ROT13 imasuntha zilembo za A mpaka Z basi. Chilembo cha ŵ ndi nkhodolero imazisiya momwe zilili. Malaŵi amasanduka Pdodŵl, ndipo ng'ombe imasanduka qj'rpeh. Munthu wodziwa chiyankhulo akangoona zilembo ziwiri zotsatiridwa ndi nkhodolero, aganiza za ng', n'kuzindikira kuti q ndi n, j ndi g. Kiyi yagwidwa pomwepo. Mankhwala ake ndi kuika Find / Replace pamwamba pa Recipe, kusintha ŵ kukhala w ndi kuchotsa nkhodolero. Onjezaninso Remove whitespace, chifukwa mawu a Chichewa amathera ndi vawelo, ndiye mipata ikatsala, chilembo chomaliza cha liwu lililonse chimaulula mavawelo onse 5.

Affine Cipher Encode imachulukitsa nambala ya chilembo ndi nambala yosankha inu yotchedwa a, n'kuwonjezera ina yotchedwa b, A akhala 0 ndipo Z akhala 25. Mukaika a kukhala 2 pulogalamu imakana, ndipo imachita bwino: A ndi N onse akanagwera pa chilembo chimodzi, uthenga osamasulikanso. Pakati pa 1 ndi 25, manambala ololedwa kukhala a alipo 12, osagawika ndi 2 kapena 13.

Vigenère Encode ndiyo yosangalatsa zedi, poti chilembo chilichonse cha kiyi chimasuntha uthenga mosiyana. Ndi kiyi yoti NYANJA, moni amasanduka zmnv. Onetsetsani chilembo chachitatu: n watsala n, chifukwa A wa m'kiyi ndi 0, sasuntha kanthu. Mawu athu adzaza ndi a, kotero kiyi ya Chichewa yosankha mosaganiza imasiya mbali ina ya uthenga pambalambanda. CyberChef sichenjeza za zimenezi, ndipo ikanayenera kutero.

Chofooka chachikulu chili pa kuswa uthenga wopanda kiyi. Substitute imakulolani kupanga alifabeti yanuyanu yosokonekera, ndipo Frequency distribution imawerenga kuti chilembo chilichonse chabwera kangati, njira imene katswiri wachiarabu al-Kindi anafotokoza ku Baghdad m'zaka za m'ma 800. Koma imangowerenga, sipereka yankho. Imawerenganso chilembo chachikulu padera ndi chaching'ono, ndiye yambani ndi To Lower case. Musatsatire malangizo onena kuti chilembo chochuluka ndi e, amenewo ndi a Chingerezi. Pa Chichewa yambani ndi a. Kwa Vigenère mulibe chida chopezera kutalika kwa kiyi monga mwa njira imene Friedrich Kasiski anafalitsa mu 1863. Wofuna zimenezo apite ku pulogalamu ina yotchedwa CrypTool, yomwenso ndi yaulere.

Aphunzitsi a masamu ndi a makompyuta aipeza yothandiza, makamaka Auto Bake ikakhala yoyatsa, poti wophunzira akasintha nambala imodzi amaona Output ikusintha nthawi yomweyo. Pa foni zigawo zija zimapanikizana, ndiye ndi bwino kukhala pa kompyuta. Chonde musabisire PIN kapena pasiwedi yanu njira zimenezi: kompyuta imaziswa mwachangu kwambiri.