Polaris ya apongozi yadzuka itagona zaka 8: ndemanga pa galaja yomwe inaikonza

Nyenyezi 4 pa 5. Imodziyo yapita chifukwa cha foni, ndifotokoza kutsogoloku.

Ndikulembera makamaka abale amene muli kuno ku America kumpoto kwa Minnesota, ku Wisconsin kapena ku Canada, amene tsiku lina mneba adzakuuzeni kuti m'shedi mwake muli snowmobile yakale, ngati mukuifuna tengani. Kwa inu a kumudzi, snowmobile ili ngati njinga yamoto, koma kutsogolo m'malo mwa tayala kuli timiyendo tiwiri totsetsereka pa sinowo, ndipo kumbuyo kuli chilamba chachikulu cha labala chokhala ndi mano, chonga cha katapila. Eni dziko amangoti sled.

Yanga ndi Polaris Indy 500 ya mu 1997, ya kampani ya konkuno ku Roseau. Anandipatsa ndi apongozi anga aamuna, omwe anaiimika mu Malichi 2016 chiuno chitayamba kuwavuta. Anaikankhira m'shedi kuseri kwa nyumba yawo kufupi ndi Grand Rapids, n'kuifunditsa chitenti, basi. Petulo osakhuthula, injini osaithira oyilo woiteteza ku dzimbiri, chilamba chitakhala pa simenti. Ankati chaka chamawa akweranso. Mu 2023 ndinafuna kuitulutsa, koma dzinja limenelo sinowo sanagwe wokwanira, moti ngakhale mpikisano wa agalu okoka ngolo wa John Beargrease unalephereka kumayambiriro kwa 2024. Ndiye inagonanso chaka china.

Ndiulule uchitsiru wanga, poti ndi umene wandilembetsa izi. Ine ndinakulira ku Nkhotakota, ndipo malume anga anali ndi boti la injini ya Yamaha, zija zosakaniza petulo ndi oyilo. Nditamva kuti injini ya Polaris iyi ndi two-stroke ngati imeneyo, ndinadziyesa katswiri. Ndinathira petulo watsopano pamwamba pa wakale uja, n'kuyamba kukoka chingwe mpaka phewa kuwawa. Zii. Ndinapopera mankhwala oliza injini aja, inatsokomola, n'kulira masekondi ochepa, utsi tolotolo m'shedi monse. Ndinathamanga kukauza mkazi wanga kuti yakonzeka, yangotsala kuitsuka kabuleta.

Galaja yomwe ndinapitako ndi yaing'ono, ya mdala wina ndi mnyamata mmodzi womuthandiza. Dzina sindilemba, mwini wakeyo anachita kundipempha kuti ndisamuchulukitsire ntchito. Ndinafika pakati pa Okutobala 2024, sled ili pa kangolo kobwereka. Nditamufotokozera monyadira kuti ndailiza kale, mdalayo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake n'kundifunsa kuti inalira kwa nthawi yaitali bwanji. Ndinati masekondi mwina khumi. Iye anati, “Ndiye mwina sitinachedwe. Musadzachitenso.” Ndinakwiya chamumtima, kunena zoona. Munthu ndabwera ndi ndalama zanga, akundidzudzula ngati mwana wa sukulu.

Koma taonani zimene anapeza. M'bokosi lolowera mpweya munali chisa cha mbewa, udzu, tizidutswa ta chitenti chija ndi makoko a mbewu za mpendadzuwa. Mu ekizozi munalinso china. Kwathu mbewa timazikumba n'kuzipana, kuno ndi zimene zimatidyera katundu. Zinyalala zimenezo zikanalowa m'silinda ndi kuliza kwanga kuja. Petulo wa m'thanki anali atasanduka zinthu zofiirira zonunkha ngati vanishi, pansi pake pali madzi. Petulo wamba wa ku Minnesota amakhala ndi ethanol 10 peresenti, ndipo ethanol amakoka chinyontho, akakhalitsa madziwo amadzalekana n'kukhala pansi, pomwe kapaipi kamayamwira. Kapaipi ka m'thankiko kanali katafewa ngati phala, ena akunja atauma moti ankathyoka akawapinda. Makabuleta onse awiri a Mikuni anali otsekeka timabowo tating'ono todutsira petulo injini ikamalira pang'onopang'ono.

Zonsezi makaniko aliyense akanaziona, ndipo ambiri akanathera pomwepo: kutsuka makabuleta, kusintha mapaipi ndi mapulagi, kuiliza pamaso panu, inu n'kulipira mukusekerera. Chimene ndikupatsira galaja iyi nyenyezi zinayi ndi chakuti mdalayo anakana kuiliza asanayeze ma seal a crankshaft.

Anandiitana kuti ndidzaone ndekha. Mu injini ya two-stroke, petulo, oyilo ndi mpweya zimayamba zadutsa m'chipinda cha pansi momwe muli crankshaft, kenako n'kukwera kupita m'silinda. Chipinda chimenecho chiyenera kukhala chotseka ndithu, ndipo chimatsekedwa ndi timalabala tozungulira kumapeto onse awiri. Timalabala timeneti tikakhala zaka osanyowa ndi oyilo timauma n'kung'aluka. Mpweya umalowera pamenepo, ndiye msakanizo umakhala wa mpweya wambiri, petulo wochepa. Choopsa chake n'chakuti injini yotere imalira bwinobwino pakhomo, mwinanso mokoma kuposa kale. Mukakaithamangitsa panyanja youma, imatentha mpaka pisitoni kusungunuka, inu muli makilomita ambiri kuchokera kumsewu, kunja kukuzizira koti n'kupha munthu. Mdalayo anatseka kolowera ndi kotulukira mpweya, n'kupopera mpweya pang'ono m'kati ndi kapampu ka pamanja. Muvi wa geji unayamba kutsika ine ndikuona. Anapopera madzi a sopo mbali ya kilatchi, thovu n'kuyamba kufufuma. Panalibe chotsutsa.

Kusintha timalabala timeneti si ntchito yamasewera, chifukwa pamafunika kuchotsa injini yonse n'kuitsegula pakati. Asanayambe anandiuza mosabisa kuti ndalama zokonzera zitha kufanana ndi mtengo wa sled yonseyo, ndiye ndiganize kaye. Mphamvu ya m'masilinda anapeza 120 ndi 118 psi, zomwe anati n'zabwino kwa injini ya zaka zimenezo, mapisitoni alibe mikwingwirima, ndipo ma bering'i a crankshaft sanadyedwe ndi dzimbiri. Akanapeza dzimbiri, anati akanandiuza kuti ndiigulitse ngati zipangizo. Ndinavomera. Chifukwa china n'chakuti ndi ya apongozi, simungatenge mphatso ya apongozi n'kukaigulitsa zidutswazidutswa.

Zina zimene anachita ndingodutsamo msanga. Anatsuka thanki, anasintha timalabala ta m'pampu ya petulo, anasintha labala wina wolumikiza kabuleta ku injini yemwe anali ndi mng'alu, anatulutsa mpweya mu pampu ya oyilo, anathira madzi atsopano oziziritsa injini, oyilo wa tcheni ndi wa mabuleki. Anatsuka makilatchi onse awiri n'kuika lamba watsopano, wakaleyo anati ndiziyenda naye pansi pa hudu ngati sipeya. Anasinthanso mapulasitiki aatali aja omwe chilamba chimatsetserekapo, amati hyfax.

Chinandisangalatsa kwambiri ndi zimene anakana kundigulitsa. Ine ndinali nditakonzeka kugula chilamba chatsopano, chifukwa ndinaona timing'alu. Iye anachipindapinda ndi manja, n'kunena kuti timing'aluto n'tapamwamba, ulusi wa m'kati sunaonekere, chitha kuyenda madzinja awiri ngati sindiika misomali. Tizitsulo ta pansi pa timiyendo ta kutsogolo anati ndigule ndekha ndikamange kunyumba, ndi manati ochepa chabe, palibe chifukwa chomulipira ola lathunthu.

Tsopano za foni zija. Anandilonjeza masabata atatu, zinatenga asanu ndi awiri. Kuchedwako ndikanakumvetsa, chifukwa Novembala ndi nthawi imene aliyense amakumbukira kuti ali ndi sled, ndipo panja pa galajayo panali mzere wautali. Koma foni yawo sayankha. Ndinaimba kasanu ndi kamodzi, ndinasiya mauthenga, palibe anabweza. Kuti ndidziwe pomwe ntchito yafika ndinkachita kuyendetsa galimoto mphindi 35 ndikaweruka kuntchito ya usiku wonse, n'kukamupeza mdalayo atagona pansi pa sled ya munthu wina, wailesi ikulira, foni ili pa shelefu pansi pa nsanza. Chachiwiri, za ma seal anandifunsa kaye, koma atapeza kuti bering'i ya shafiti yoyendetsa chilamba yatha, anangosintha osandiuza. Inali yoyenera kusintha, anandisungira yakaleyo ndipo ikamazungulira inkamveka ngati muli mchenga. Komabe ndalama ndi zanga, akanandifunsa. Poyamba anayerekeza madola 600. Titagwirizana za ma seal ndinkayembekezera cha m'ma 1,200. Pepala lomaliza linali madola 1,340: maola 9 pa madola 95 ola limodzi, ndi zipangizo za madola 485. Pampando anasiyapo zala za girisi zomwe mpaka lero sizinachokeretu.

Ndinakaitenga sabata yoyamba ya Disembala. Tsiku loyamba kuiyendetsa, injini inkakana kutsika ndikasiya moto, imangolira pamwamba. Mtima unagunda, ndinakumbukira nkhani ya mpweya wolowera pambali ija. Ndinabwerera nayo. Anasiya ntchito ina, anaona kuti waya wa moto wa kabuleta imodzi wakoka kwambiri kuposa unzake, anakonza mphindi khumi, osandilipiritsa, n'kupepesa. Kupepesako sindinakuyembekezere kwa munthu wouma pakamwa ngati ameneyu.

Kuyambira pamenepo ndayenda nayo mamailosi pafupifupi 380, ambiri mwa iwo pa Taconite State Trail, njira ya mamailosi 165 yochokera ku Grand Rapids kukafika ku Ely, ngakhale ine sindinaimalize yonse. M'mawa wina kutazizira madigiri 25 pansi pa ziro, inalira nditakoka chingwe kachitatu. Thanki yoyamba anandiuza kuti ndithiremo oyilo pang'ono m'petulo, kuwonjezera pa uja wa pampu, mpaka nditatsimikiza kuti oyilo wa m'botolo lake akutsika. Utsi unali wa mnanu, mkazi wanga anandiletsa kulowa ndi jekete m'nyumba. Petulo ndimathira wa 91 wopanda ethanol, uja malamulo a kuno amalola kugulitsira tiinjini ting'onoting'ono ndi ma sled. Ndi wodula, koma nditaona zomwe zinatuluka m'thanki muja sindinyinyirika. Mapulagi ndimawamasula nthawi ndi nthawi kuona mtundu wake monga anandiphunzitsira: akhale ofiirira ngati tiyi wamkaka, akayera mbuu ndiye kuti mpweya wachuluka, ndiime pomwepo.

Anandichenjezanso zina zomwe palibe anandiuzapo. Injini iyi imazizira ndi sinowo amene chilamba chimawaza pansi pake, ndipo mapulasitiki otsetserekapo aja amanyowetsedwa ndi sinowo yemweyo kuti asatenthe, ndiye kuyenda mtunda wautali pa ayezi woyera kapena pa msewu wouma ndi kuiwotcha. Za mapepala ndi iyenso anandikumbutsa: kulembetsa kwake ku DNR, nthambi ya boma la Minnesota yoona zachilengedwe, kunatha kalekale, ndipo aliyense wokhala ku Minnesota wobadwa pambuyo pa 31 Disembala 1976 ayenera kukhala ndi satifiketi ya maphunziro a kayendetsedwe kabwino. Ine ndili m'gulu limenelo, ndinaphunzira pa intaneti. Panyanja sindikwera ayezi asanachindikale kufika mainchesi 5 mpaka 7 omwe a DNR amanena, ndipo ngakhale atafika, mwana wa ku Nkhotakota mtima sukhazikika kuyenda pamwamba pa madzi.

Apongozi sanakwere, chiuno sichikulola. Koma tsiku lomwe ndinapita nayo kwawo anatuluka ndi ndodo yawo, anaimirira pakhonde, n'kundiuza kuti ndiipatse moto pang'ono. Anamvetsera mutu atapendeketsa, kenako anati kilatchi ikugwira pamalo pake, n'kulowa m'nyumba.

Shokabu imodzi ya kutsogolo ikudontha pang'ono, tinagwirizana kuti idikire chaka chamawa. Mu Epulo ndikaibwezanso komweko kuti akaigoneke bwino: mankhwala osunga petulo, oyilo wopopera m'masilinda, girisi, kutseka ekizozi kuti mbewa zisabwerere, ndi kukweza kumbuyo kuti chilamba chisakhale pansi. Anati madola 80, ndipo ndikaimirire pambali ndione kuti chaka chinacho ndidzachite ndekha. Malo ndasungitsa kale. Ndinachita kupita ndekha, iye n'kulemba dzina langa ndi choko pa chitseko cha galaja, pansi pa maina ena 11.