Mtengo wokula msanga kapena wokula pang'onopang'ono?

Mtengo wokula msanga, monga bulugamu, umapereka mthunzi pasanapite zaka zambiri, n'chifukwa chake ambiri amauthamangira akangomanga nyumba. Koma mizu yake imamwa madzi kwambiri, moti udzu ndi maluwa apafupi zimafota. Nthambi zakenso sizichedwa kuthyoka kukawomba chimphepo, nthawi zina n'kugwera padenga. Pabwalo laling'ono sindingaubzale ayi.

Wokula pang'onopang'ono umafuna kudekha. Mudzadikira zaka mthunzi usanaoneke, komabe nthawi zambiri thunthu lake limakhala lolimba ndipo kuudulira sikuvuta. Uwu ndi umene ndimaukonda pafupi ndi khonde, bola ubzalidwe patali ndi maziko a nyumba ndi mapaipi a madzi, poganizira mmene udzatambalalire ukadzakhwima.