Kuyala miyala pamwamba pa mawaya otenthetsa m'khitchini ku Sheffield

Abale anga, mutaona zithunzi za khitchini yathu pa WhatsApp ambiri mwa inu munafunsa chinthu chimodzi: bwanji osangoitana mmisiri? Vuto ndi thumba. Kuno ku England woika matailosi amalipiritsa pa sikweya mita, ndipo akangomva kuti ndi miyala yachilengedwe, pansi pakenso pali mawaya otenthetsa, mtengo umalumpha. Ndalama imene ananditchulira inatsala pang'ono kufanana ndi ya miyala yonse. Ndiye ndinati ndiyesa ndekha, ine amene kumudzi ngakhale njerwa imodzi sindinayalepo.

Ndiyambe ndafotokoza chifukwa chake munthu amafuna moto pansi pa nyumba. M'mwezi wa December ku Sheffield kumada 4 koloko masana, ndipo simenti ya pansi imazizira moti ukapondapo wopanda nsapato mapazi amachita dzanzi. Chisanu cha ku Dedza mu July chimatha dzuwa likakwera. Cha kuno chimakhala tsiku lonse, miyezi ingapo. Njira zotenthetsera pansi zilipo ziwiri. Ina ndi ya mapaipi a madzi otentha ochokera ku boiler (chipangizo chotenthetsa madzi m'nyumba), amene amakwiriridwa mu simenti, ndipo imayenera nyumba imene ikumangidwa kumene. Inayo ndi ya magetsi: waya wopyapyala womatidwa pa ukonde, umene umangoufunyulula n'kuuyala. Ine ndinatenga ya magetsi chifukwa siifuna kukumba. Koma musanamizidwe, ndi yotchipa poika pokha. Yuniti ya magetsi kuno imadula pafupifupi kanayi kuposa ya gasi, ndipo chikwerereni mitengo mu 2022 aliyense amayang'ana mita ndi diso lofiira. Ukonde wamba umadya mawati 150 pa sikweya mita, kutanthauza kuti malo a masikweya mita 10 amakoka mawati 1,500 (1.5 kW). Pa khitchini kapena bafa zimatheka. Nyumba yonse ayi.

Mwala ndinasankha wa limestone wochokera ku Jura, ku Germany, wotuwa moyererako, wokhuthala mamilimita 15. M'kati mwake mumaoneka zigoba za tizilombo ta m'nyanja yamakedzana, ndipo ana amakonda kuzisaka. Sikweya mita imodzi imalemera pafupifupi makilogalamu 40. Lole imangotsitsa katundu m'mphepete mwa msewu n'kumapita, kunyamula ndi kwako. Mwala ndi wabwino pa ntchito imeneyi chifukwa umalandira kutentha bwino n'kukusunga nthawi yaitali, kusiyana ndi thabwa kapena kapeti.

Tsopano nayi nkhani yeniyeni. Chinthu chikatentha chimatambasuka, chikazizira chimakhwinyata. Simenti, zomatira ndi mwala zonse zimatero, koma chilichonse pa mlingo wake. Pansi poti pazitentha m'mawa n'kuzizira usiku, tsiku ndi tsiku, pamakhala kukokanakokana kosaoneka ndi maso, ndipo wogonja amakhala mwala: umang'aluka kapena kumatuka. N'chifukwa chake ntchito yaikulu ili pa zimene zimabisika pansi, osati pa mwala umene alendo amauyamikira.

Simenti yathu inali yakale, youma kale, choncho ndinangoisesa n'kuipaka primer, mankhwala othandiza kuti zomatira zigwire bwino. Ikanakhala yatsopano ndikanadikira, pakuti amisiri a kuno amawerengera tsiku limodzi pa milimita iliyonse kuti iume, ndiye ya mamilimita 40 ndi mwezi ndi masiku khumi. Pamwamba pake ndinamatapo matabwa opepuka oletsa kutentha kulowa m'nthaka. Popanda amenewo, magetsi ako amathera kufunditsa dothi la pansi pa nyumba. Kenako ukonde wa waya. Ukondewo ukhoza kuudula pokhota, koma waya weniweniwo sadulidwa, sapingasana, ndiponso suikidwa pansi pa makabati kapena firiji pomwe kutentha kungasowe kotulukira. Pakati pa mizere iwiri ya waya pamagona kachipangizo koyeza kutentha, kolumikizidwa ku thermostat ya pakhoma, chipangizo choyatsa ndi kuzimitsa motowo malinga ndi kutentha kumene watchera.

Wayayo amauyeza katatu ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi: usanauyale, utauyala, ndiponso miyala ikatha. Nambala ya ma ohm imene kachipangizoko kamaonetsa iyenera kugwirizana ndi yolembedwa pa chikalata chake. Ikasintha, ndiye kuti penapake wavulala, ndipo ndi bwino kudziwa usanaukwirire. Kulumikiza ku magetsi a nyumba ndinasiyira wamagetsi wovomerezeka. Kuno kuli lamulo la Part P, limene linayamba mu 2005, loyang'anira ntchito za magetsi m'nyumba zogona, ndipo satifiketi imene iye amakupatsa amadzaifunsa tsiku logulitsa nyumba. Zoitana mnyamata wa pa msika kuti angolumikiza sizigwira kuno.

Waya ndinaukwirira ndi simenti yamadzimadzi yodzisalaza yokha, kuti mano a chopakira asadzaukande. Itauma ndinayalapo chinsalu cha pulasitiki chokhala ndi timaenje, cha kampani ya Schlüter, chimene chimalekanitsa mwala ndi simenti: pansi pakasuntha pang'ono, icho chimameza kusunthako. Ena amati n'kuwononga ndalama. Kwa mwala wofewa ngati limestone, ine ndikuona kuti kuchisiya ndi juga. Dziwani kuti zonsezi zikasanjikizana pansi pamakwera pafupifupi masentimita anayi, moti chitseko chinafunika kuchichotsa n'kuchidula m'munsi.

Zomatira zake si simenti ndi mchenga wa kudambo. Ndi ufa wa m'matumba wolembedwa S1, kusonyeza kuti ukauma umatha kupindika pang'ono osasweka. Uyenera kukhala woyera, chifukwa wotuwa umalowerera mu mwala wowala n'kusiya mawanga osachoka. Umausakaniza mpaka ulimbe ngati phala la mwana woyamba kudya, pang'onopang'ono, poti wina umauma m'chidebe theka la ola lisanathe. Umapaka pansi ndi chopakira cha mano, umapakanso kumsana kwa mwala, kenako n'kudinikiza. Apa ndi pamene ndinakumbukira nyumba zambiri za ku Lilongwe ndi Blantyre zimene ukagogoda tailosi imalira ngati mulibe kanthu. Chimachititsa ndi chizolowezi choika timilu tisanu ta simenti, m'makona ndi pakati, n'kusiya mphako. Pamwamba pa waya wotentha mphakoyo ndi yoopsa kawiri: mwala umasweka ukapondedwa, ndipo waya umatentha mopitirira pamalo pomwe palibe chotenga kutenthako.

Miyala yachilengedwe siifanana maonekedwe, choncho ndinayamba ndaiyala youma, kusakaniza ya m'mabokosi osiyana kuti yoderako isaunjikane mbali imodzi. Kudula ndinabwereka makina a madzi, fumbi lake si lopumira. M'mphepete mwa khoma monse ndinasiya mpata wa pafupifupi sentimita imodzi wopanda chomatira chilichonse, umene umabisika ndi thabwa la m'munsi mwa khoma. Pakhomo mpatawo ndinautseka ndi silicone, chomatira chimene chimakhalabe chofewa ngati labala chikauma. Achimwene amene mukumanga ku Salima, mpata umenewu muusiyenso pa khonde lanu. Dzuwa la October limachita pa matailosi zomwezo zimene waya wanga amachita, ndipo matailosi otukuka pakati pa khonde nthawi zambiri amakhala kuti anasowa kothawira.

Limestone imamwa chilichonse. Usanatseke mizere ya pakati pa miyala umayamba waipaka mankhwala otseka timabowo, apo ayi zotsekerazo zimaidetsa. Ukatha umapakanso. Ngakhale utatero, viniga, madzi a mandimu ndi mankhwala otsukira chimbudzi amaudya mwalawo n'kusiya chipsera, moti pokolopa ndi madzi ofunda ndi sopo wofatsa basi. Mayi a kunyumba kuno anachita kulemba zimenezi pa pepala n'kumata pa kabati chifukwa cha alendo okonda kuthandiza.

Chovuta kwambiri chinali kusayatsa. Ntchito yatha, kunja kukuzizira, swichi ili pomwepo, koma zomatira zimafuna pafupifupi milungu iwiri kuti zikhwime zokha. Ukaziumitsa ndi moto zimafooka. Nthawiyo itakwana ndinayambira pansi, n'kumakweza madigiri ochepa patsiku mpaka 26. Mwala umachedwa kufunda, ndiye thermostat ndinaitchera kuti iziyatsa ola limodzi tisanadzuke n'kuzima tikamatuluka, kenako madzulo pang'ono nthawi yophika. Masana onse imakhala yozima.