Garmin Striker 4 pa boti la matabwa ku Senga Bay

Kamakina aka kamaonetsa kuya kwa madzi, gulu la nsomba ndi malo amene muli kudzera pa GPS. Sikirini yake ndi ya mainchesi 3.5, ndipo kamagwira ntchito ndi batire la mavoti 12. Mapu a nyanja mulibemo, mumangosunga nokha malo amene mwapezapo utaka kuti mudzabwererenso.

Asodzi ambiri amene amati kamakinaka n'konama, vuto limakhala pamene anamangirira transducer, kachipangizo kotumiza mawu pansi pa madzi. Pulopela ikamazungulira imasiya kumbuyo mzere wa madzi ovunduka odzaza ndi tithovu ta mpweya. Mawu a kachipangizoka akagunda thovu amabwerera pomwepo, ndiye sikirini imangodzaza madontho, nambala ya kuya n'kumaphethira kapena kusoweratu. Mangirirani kumbuyo kwa boti, mbali ya kumanja ngati pulopela yanu imazungulira chakumanja mukaiyang'ana muli kumbuyo kwa boti, masentimita osachepera 38 kuchokera papulopelayo. Kunsi kwa kachipangizoka kutsike pang'ono chabe kupitirira thabwa la pansi. Pewani kumbuyo kwa msomali wotuluka kapena chigamba cha phula, chifukwa nazonso zimabala thovu boti likathamanga. Mukakhota n'kudutsa pamene mwangodutsa kumene, chithunzi chimasokonezeka kwa kanthawi. Si kuwonongeka ayi, thovulo limachedwa kutha.

Pamene kamakinaka kamandikhutiritsa ndi pa madzi akuya. Nyanja ya Malawi ili ndi madzi osanjikizana: ofunda, opepuka ali pamwamba, ozizira ndi olemera ali pansi, ndipo kupitirira mamita pafupifupi 250 kulibe mpweya woti nsomba n'kupuma. Pulopela ya injini ya mahosi 15 imangotakasa mamita ochepa a pamwamba, malire a madzi ofunda ndi ozizira siiwafika. Kuti muwaone malirewo, zimitsani injini, dikirani thovu lithe, sankhani 200 kHz (mtundu wa mawu amene kachipangizoka kamatumiza) pa kamakinaka, kenaka kwezani gain, mphamvu yomvera mawu obwerera, pang'onopang'ono mpaka kamzere kopingasa kaoneke pakati pa madzi. Miyezi yotentha kamaoneka bwino. Mwera ukaomba, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, madzi amasakanizika ndipo kamzereko kamatsika kapena kufufutika. Samalani madzulo: mphutsi za nkhungu, tizilombo touluka ta panyanja tija, zimakwera kuchokera pansi kukada, ndipo pasikirini zimaoneka ngati malire omwewo. Kusiyana kwake n'koti izo zimasuntha msanga.

Zofooka zilipo. Dzuwa likakhala paliwombo sikirini yaing'onoyi imafuna kuitchinga ndi dzanja. Mawu onse a m'kati ndi achingerezi ndi zilankhulo zina zakunja. Waya wa magetsi usadutse pafupi ndi mawaya a injini, apo ayi mudzaona mizere yoimirira nthawi zonse injini ikalira, ndipo fyuzi musaichotse. Kwa oponya chilimira ndi a mbedza za kampango n'kothandiza ndithu. Wa bwato amene satalikira kugombe, ndalamayo angogulira ukonde.