Mbewu ya matimati a juwisi: Money Maker, Roma VF, Tengeru 97 ndi Tanya m'madimba a ku Kasungu

Mukalowa m'sitolo ya zipangizo zaulimi pa Kasungu boma n'kupempha mbewu ya matimati, wogulitsa amathamangira kukupatsani Tanya kapena Tengeru 97. Sakulakwa, chifukwa ambiri obwera pamenepo ndi alimi ogulitsa pamsika, ofuna matimati opirira m'dengu panjinga kuchokera ku Santhe kapena ku Chamama. Koma matimati oti mufinye pakhomo amafuna zina: madzi ambiri, khungu lopyapyala, ndi kukoma kokhala ndi kakuwawasa pang'ono.

Pa zimenezi Money Maker ndiye amapambana. Zipatso zake ndi zozungulira, zapakatikati, zofewa zikapsa, ndipo makilogalamu 1.5 amatulutsa pafupifupi lita imodzi. Amakula motalika osaleka, kotero mumathyola pang'onopang'ono kwa milungu yambiri, zomwe zimayenera banja lofuna jagi imodzi masiku awiri alionse. Ntchito yake ndiye yambiri. Tsinde lililonse lifuna mtengo wotalika mamita 2, kumangirira, ndi kuchotsa mphukira zotuluka pakati pa tsamba ndi tsinde sabata ndi sabata. Khungu lakelo limang'aluka mukalekerera dothi kuuma kenaka n'kuthirira kwambiri, ndipo nthawi ya dzinja chiwawu chimamupweteka msanga. Mubzaleni kudimba mvula ikatha, cha mu Epulo kapena Meyi.

Roma VF ndi wautali ngati dzira, wa mnofu wambiri ndi njere zochepa. Payekha amapereka juwisi wolimba ngati phala, wosakoma kumwa. Ubwino wake umaoneka mukasakaniza: magawo atatu a Money Maker, gawo limodzi la Roma, juwisi amafiira bwino ndipo sakhala wamadzimadzi. Zilembo za VF zikutanthauza kuti amapirira matenda awiri a m'dothi ofotetsa mbewu, Verticillium ndi Fusarium. Chofooka chake ndi kuola kumunsi kwa chipatso, komwe kumadza madzi akamasowasowa, mbewu n'kulephera kukoka mchere wa m'nthaka wotchedwa kashiamu. Kupopera mankhwala sikuthandiza pamenepo; thirirani mofanana ndipo phimbirani ndi udzu.

Tengeru 97 ndi Tanya onse anatulutsidwa ku Tanzania mu 1997. Tengeru angakuthandizeni ngati mukufuna mtundu umodzi wogulitsa ndi kumwa womwe, bola mumusiye apsere pamtengo mpaka afiire psuu. Tanya musavutike naye. Kulimba kumene amamutamira pamsika ndi komwe kumasiya zotsalira zambiri musefa.

Kuno ku Kasungu malo obzalapo ndi ofunika kuposa dzina la paketi. Fodya, matimati, tsabola, mabilinganya ndi mbatata ya kachewere ndi banja limodzi, ndipo zimapatsirana tinyongolotsi totupitsa mizu. Pomwe panali nazale ya fodya musaikepo matimati kwa zaka 3. Amene wagwira fodya asambe m'manja ndi sopo asanakhudze mbande, chifukwa matenda opangitsa masamba mawangamawanga amayenda ndi manja. Mbande muwokere zikatha milungu 4, pa mpata wa masentimita 60 mumzere ndi 90 pakati pa mizere. Feteleza wa CAN musachulutse: masamba amachita kubiriwira mokopa maso, zipatso n'kukhala zosakoma.

Pogula yang'anani tsiku lomwe mbewu inapakidwa, ndipo paketi yofwifwa yomwe yakhala padzuwa pawindo isiyeni. Galamu imodzi imakhala ndi njere pafupifupi 300, pamene banja limakwanira ndi mitengo 20 ya Money Maker ndi 8 ya Roma, ndiye paketi yaing'ono ndi yokwana. Mwezi wa Seputembala ndi Okutobala akangaude ofiira ndi mbozi ya Tuta absoluta zimachuluka. Mukapopera, dikirani masiku onse olembedwa pabotolo musanathyole, poti juwisiyu ndi wa ana omwe.

Dandaulo lofala ndi loti juwisi amalekana, madzi paokha, mnofu paokha. Mbewu siilakwa apa. Matimati akadulidwa n'kukhala osaphikidwa, zomwe zimagwirizanitsa madzi ndi mnofu zimayamba kusungunuka. Dulani ochepa, muwaponye mumphika uli kale pamoto n'kuwaphwanya, ndipo muzionjezera ena mphikawo ukuwirabe. Onse akalowa, awire mphindi 5, musefe akadali otentha, muthire mchere pang'ono ndi masupuni aakulu 2 a madzi a ndimu pa lita iliyonse. Mufiriji amakhala masiku 3. Popanda firiji, finyani wokwanira tsiku lomwelo.