Sefa ya mchenga yapamtunda kapena yapansi pa nthaka: yosavuta kusamalira ndi iti?

Zonse ziwiri ntchito yake ndi imodzi: kuyeretsa madzi a mvula. Madzi a mvula ochokera m'misewu ndi m'malo oimikapo magalimoto amayamba adikha kuti matope akhale pansi, kenako amadutsa mumchenga wokuya pafupifupi masentimita 45. Yapamtunda ndi dziwe loonekera, inayo ndi bokosi la konkire lokwiriridwa.

Malo: yapamtunda imadya malo ambiri. Yapansi imabisala, magalimoto n'kumayenda pamwamba pake.

Mtengo: yapansi ndi yodula kumanga, ndipo poiyeretsa pamafunika galimoto yopopa matope.

Kusamalira: apa ndiye pagona nkhani. Yapamtunda ikatsekeka, aliyense amaona madzi atatha masiku awiri osaphwa. Mumangopala ndi fosholo mchenga wakuda wapamwamba, masentimita 5 mpaka 8, n'kuthira watsopano. Yapansi imatsekeka mwakachetechete, ndipo poti siioneka, imaiwalika msanga. Kulowamonso si masewera, pamafunika anthu ophunzitsidwa chifukwa mpweya wa mmenemo ukhoza kupha.

Yapamtunda nayo ili ndi zake: kutchetcha udzu, kutola masamba ndi zinyalala.

Amene ali ndi malo okwanira asankhe yapamtunda. Yapansi ndi ya m'mizinda yothithikana, bola pakhale ndalama zoiyendera chaka chilichonse.