Kabaidi wa pa kashopu ka hadiweya ku Ndirande

Ine ntchito yanga ndi yowotcherera ma ekisozi ndi ma rediyeta, ndiye kabaidi, miyala ija imatulutsa gasi wowotcherera ikathiridwa madzi, ndimagula pafupipafupi. Zaka zonsezi ndimagula kwa anyamata ena mumsika omwe amangokuthirira mu jumbo, pofika ku galaja theka lasanduka kale ufa chifukwa chokoka chinyezi, makamaka dzinja ngati lino. Mwezi watha mnzanga anandilozera kashopu kena ku Ndirande ka bambo ena achikulire, ndiye ndati ndikuuzeni anzanga owotcherera.

Dramu lawo lakhala pa thabwa osati pansi, lotseka bwinobwino, kutali ndi khomo komwe mvula imawazira. Miyala yake yotuwa, yolimba, ukangoponya m'madzi imawira pompo ndi kafungo kaja kangati adyo. Kabaidi wabwino kilo imodzi amatulutsa gasi wa acetylene pafupifupi malita 300, ndipo uyu ndaona akundikhalitsa kusiyana ndi wa mu jumbo uja. Amakuikira m'chitini chotseka, ndipo ukabwera ndi ndudu kukamwa amakubweza pakhomo pomwepo.

Koma chandilembetsa kwenikweni ndi ichi. Akundipimira anandifunsa kuti, "Achimwene, moto utabuka pa kabaidi mungazimitse ndi chani?" Ine ndinati madzi. Anapukusa mutu nkunena kuti madziwo ndi amene amatulutsa gasi woyakayo ndiye kuthira madzi nkusonkhezera moto, pafunika mchenga wouma, chidebe chake chizikhala pafupi nthawi zonse. Anatinso paipi ya kopa isayandikire ku jeneleta ya gasi, chiwiya chomwe timasakanizira kabaidi ndi madzi, chifukwa acetylene akakumana ndi kopa amapanga zinthu zophulika. Pakhungu akuti yamba wasasa ufawo ndi kansalu kouma kenako usambe ndi madzi ambiri oyenda, osati tongodontheza ayi chifukwa timangoonjezera kuotcha.

Patangopita masabata awiri mwana wa achemwali anga amene ndikumuphunzitsa ntchito amaswa mwala ndi hamala opanda magalasi, kachidutswa nkumuthothokera m'diso. Anakuwa, dzanja likuthamangira kukatikita, ine ndinaligwira nkumukokera pa mpopi, ndinamutsegula chikope ndi zala madzi akuyenda mphindi 20 zathunthu iye akulira kuti malume basi zakwana, ine osasiya mpakana tinakwera kabaza wa kuchipatala. Kabaidi akanyowa amasanduka laimu, ndipo laimu m'diso amadya msanga kwambiri. Pano diso lachira, akuona bwinobwino, koma mtima wanga unali m'mwamba sabata yonse.

Zodandaula zilipo. Mtengo ndi wokwererapo kusiyana ndi mumsika, magalasi ndi magolovesi ndinapeza atatha maulendo onse awiri, komanso chitini chija sichilembedwa kalikonse, zomwe zikundidetsa nkhawa poti ana amafika ku galaja kuno. Ndinawauza bambowo ndipo anavomera kuti ayamba kumata pepala. Changa ndalemba ndekha ndi penti wofiira kuti KABAIDI, OSAYANDIKIZA MADZI KAPENA MOTO, ndipo Loweruka ndikupitanso kukatenga makilo ena awiri.